V-Dem: chida chodalirika kwa ofuna PhD pa maboma opondereza, koma pali poterera

Wofunsira malo a PhD pa kafukufuku wa maboma opondereza amafunika makalata atatu a aphunzitsi omuchitira umboni, kalata yofotokoza cholinga chake, ndi pepala la kafukufuku wake. Mayunivesite ambiri a ku America amasiya kulandira makalata ofunsira malo mu Disembala. Pa zitatuzi, pepala lija ndi lomwe limaonetsa ngati munthu amaitha ntchito, ndipo apa ndi pomwe V-Dem imathandiza.

V-Dem (Varieties of Democracy) ndi nkhokwe ya deta ya ndale yosungidwa ku University of Gothenburg, ku Sweden. Ndi yaulere, imayambira mu 1789, ndipo mumaitsitsa ngati fayilo ya tebulo (CSV) kapena ya mapulogalamu osanthulira deta, Stata ndi R. Poyambira pabwino ndi chizindikiro chotchedwa v2x_regime, chomwe chimagawa maboma panayi: 0 ndi opondereza opanda zisankho za zipani zambiri, 1 ndi opondereza ochititsa zisankho, 2 ndi 3 ndi mitundu iwiri ya demokalase. Yoyezera mphamvu ya demokalase ya zisankho ndi v2x_polyarchy, kuyambira 0 mpaka 1. Kuti zinthu zotere zipezeke osalipira kanthu ndi mwayi waukulu kwa wophunzira wopanda thumba la kafukufuku.

Poterera ndi apa. Manambala ambiri sachita kuwerengedwa ngati mavoti. Amachokera m'maganizo a akatswiri odziwa dzikolo, kawirikawiri asanu kapena kuposa pa funso lililonse, kenako kompyuta imaphatikiza mayankho awo. N'chifukwa chake pambali pa nambala pamakhala codelow ndi codehigh, malire osonyeza kukayika kwake. Dziko likachoka pa 0.31 kufika pa 0.28, malirewo n'kumalowana, musalembe kuti laipiraipira. Pulofesa wowerenga pepala lanu amaona zimenezi msanga, ndipo zimakuchotserani ulemu.

Chinanso, mu Malichi chaka chilichonse a V-Dem amatulutsa deta yatsopano, ndipo manambala a zaka zakale amasinthako. Lembani mtundu womwe mwagwiritsa ntchito, ndipo musasakanize iwiri. Polumikiza ndi deta ina, dziwani kuti country_id, nambala yomwe V-Dem imapatsa dziko lililonse, si nambala ya COW (Correlates of War) yomwe deta zina zambiri zimagwiritsa ntchito. Gwiritsani ntchito COWcode, yomwe ndi nambala ya COW mu V-Dem, ndipo Germany, Yemen ndi Vietnam muziyang'ane ndi maso anu chifukwa maikowa anagawikapo pawiri.

Chomwe v2x_regime sichikuuzani ndi mtundu wa kuponderezako. Boma la asilikali, la chipani chimodzi, la mfumu ndi la munthu mmodzi sagwa mofanana, ndipo kusiyana kumeneku mungakupeze mu deta ya ofufuza atatu, Geddes, Wright ndi Frantz, ya 1946 mpaka 2010.

Buku lofotokoza mafunso, codebook, ndi lalitali masamba mazanamazana ndipo limatopetsa. Komabe funso lenileni lomwe akatswiri aja anafunsidwa lili mmenemo, choncho liwerengeni pa chizindikiro chilichonse musanachiike m'pepala lanu.