Biltong kapena nyama yowamba?

Amene munakhalako ku Joni mukuidziwa biltong, nyama youma ija imalendewera m'mabutchala. Ine ndayesa kuikonza kunyumba, komanso ndimawamba nyama pamoto monga ankachitira agogo. Zonse ziwiri zimasunga nyama popanda filiji, koma ntchito yake ndi yosiyana kwambiri.

Biltong siona moto ngakhale pang'ono. Mumatenga mnofu wa ntchafu ya ng'ombe, n'kuudula mizere motsata mitsempha yake, yochindikala ngati chala chachikulu. Mumaiwaza viniga, kenako mchere wa mibulu pafupifupi magalamu 20 pa kilo, tsabola wakuda ndi njere za coriander zokazinga n'kusinja pang'ono. M'masitolo a amwenye njerezi amazitcha dhania. Igone m'mbale usiku umodzi, m'mawa muipachike pamthunzi podutsa mphepo. Pakatha masiku 4 mpaka 7 yauma, ndipo kilo ija yatsala pafupifupi theka. Mukaidula, kunja yada koma m'kati ikadali yofiirira, fungo la coriander lili guu!

Vuto lake ndi nyengo. Imafuna mphepo yozizira ndi youma, ya mu Juni ndi Julayi. Ngakhale miyezi imeneyi, amene muli ku Blantyre, Thyolo kapena Mulanje chenjerani ndi chiperoni. Chaka china ndinapachika makilo awiri pakhonde, tsiku lachitatu kunagwa mvula yowaza ija, ndipo ndinapeza nkhungu yoyera yayamba pamene mizere iwiri inakhudzana. Ndinapukuta ndi kansalu konyika m'viniga, ndinaitalikitsa, ndinayatsa fani. Yambiri inapulumuka, koma mtima unandiwawa. Mu Okutobala ndiye musayese n'komwe ngati mulibe bokosi lotchinga ndi neti, chifukwa ntchentche zimakuyambirirani.

Kuwamba sikusankha mwezi. Nyama mumaipaka mchere, n'kuiyala pawaya pamwamba pa moto wozilala, wautsi, osati wamalawi. Moto ukachuluka kunja kumapsa m'kati mukadali madzi, ndipo nyama yotere imayamba kununkha pasanathe masiku. Muziitembenuza, mawa lake muibwezerenso pamoto mpaka iume gwa. Nkhuni za mango zimapereka utsi wabwino. Za paini ayi, utomoni wake umawawitsa nyama.

Pa kadyedwe m'pamene ndimasankhira. Biltong ndi ya pakamwa chabe, yodula timapisi n'kumatafuna pocheza kapena paulendo wa basi. Ndinayesapo kuiphika ngati ndiwo, viniga ndi coriander zinalimbana ndi tomato, msuzi sunakome. Yowamba ndiye ndiwo yeniyeni. Iviikeni m'madzi ofunda, iwire mpaka ifewe, muthire tomato ndi anyezi, pomaliza nsinjiro. Utsi uja ukalowa m'nsinjiro, nsima imatha osadziwa. Pabanja la anthu ambiri ine ndimawamba, chifukwa kachidutswa kakang'ono kamakometsa mphika wonse.

Nanga ya nkhumba? Musaipange biltong. Biltong imadyedwa yosaphika, ndipo mchere ndi viniga si zodalirika kupha mphutsi za njoka zam'mimba zimene zimabisala m'mnofu wa nkhumba. Iwambeni, ndipo podya muiphike ipse. Ya mbuzi imawambika bwino, bola muchotse mafuta ambiri musanaiike pawaya, chifukwa mafutawo ndi amene amayamba kusasa nyama ikakhalitsa.