Wacom Intuos yaing'ono pa laputopu ya Linux

Kwa amene watopa ndi kujambula ndi mausi, tabuleti yojambulira pa kompyuta ya Wacom Intuos yaing'ono, ya CTL-4100, ndi yogula. Ine ntchito yanga ndi kulemba zikwangwani za maloja ndi kujambula zizindikiro za pa malaya a makwaya kuno ku Ulóngwe, ndipo yanga adanditumizira mphwanga pa chapa kuchokera ku Tete. Ilibe sikirini. Dzanja limalemba pathabwa la tabuletiyo, maso ali pa kompyuta, ndipo masiku oyamba mizere imakhota ngati ya mwana wa sukulu.

Pojambulira pake ndi mamilimita 152 m'litali ndi 95 m'lifupi. Cholembera chake sichifuna batire kapena kutchaja, mphamvu chimatenga pathabwa pomwepo. Mabatani pathabwa alipo anayi, pacholembera awiri. Pa laputopu yanga yakale ya Linux Mint ndidangolumikiza chingwe cha USB basi, chifukwa driver wa Wacom, pulogalamu yothandiza kompyuta kumva tabuleti, ali kale mu kernel, mtima wa Linux.

Chimene chidandikopa kwambiri ndi china. Anzanga ambiri akaona kuti mzere sukunenepa pamene akudinikiza, amati tabuleti yafa, mwina wogulitsa adawapusitsa. Pa Linux mutha kudzionera nokha. Tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta, lembani sudo evtest, sankhani dzina lomwe lili ndi mawu akuti Pen. Mukayandikitsa cholembera, chisanakhudze n'komwe, pamatuluka BTN_TOOL_PEN ndi nambala 1. Ndiye kuti thabwa lachimva chili m'malere. Chikagunda pansi pamabwera BTN_TOUCH. Kenako manambala amathamanga: ABS_X, malo a cholembera m'litali, imayenda kuchoka pa 0 kufika 15200, ABS_Y, ya m'lifupi, kufika 9500, kutanthauza kuti milimita imodzi yagawidwa pa 100. ABS_PRESSURE ndiye kulemera kwa dzanja lanu, kuchoka pa 0 mpaka 4095. Mzere wa SYN_REPORT umatseka gulu lililonse la manambalawa kuti pulogalamu iwawerenge pamodzi.

Mausi sachita choncho. Iye amatumiza REL_X ndi REL_Y, kungonena kuti wasuntha pang'ono kumanja kapena kumanzere, osadziwa pomwe ali. Tabuleti imatchula malo enieni, n'chifukwa chake ngodya ya thabwa imakhala ngodya ya sikirini nthawi zonse.

Tsono ngati ABS_PRESSURE ikukwera ndi kutsika koma mu Krita, pulogalamu yojambulira, mzere uli chimodzimodzi, musatengere katundu kwa wogulitsa. Onani burashi yanu ngati mwailola kutsatira mphamvu ya dzanja. Krita ilinso ndi Tablet Tester yake. A Windows nkhani yanu ndi ina pang'ono: muyenera kuika driver, ndipo pali njira ziwiri zimene pulogalamu imamvera cholembera, Wintab ndi Windows Ink. Imodzi ikakana, sankhani inayo mu Krita momwemo n'kuitsegulanso.

Ndidaseka ndekha m'mawa wina wa mu June, kuzizira kwa Angónia kutagwira zala. Ndinkaona ngati ndikudinikiza monga mwa masiku onse, koma manambala a ABS_PRESSURE ankangolekera pakati. Kuyambira pamenepo ndidafewetsa kamzere ka pressure, kosinthira mphamvu yodinikizira, mu Krita kuti dzanja lisamavutike.

Zoti mudziwiretu musanatulutse ma metical anu: cholembera ichi sichimva kupendekeka, ndipo kumbuyo kwake kulibe chofufutira. Ojambula nkhope ndi mithunzi angafune yokulirapo. Kwa ife a zilembo ndi zizindikiro ndi yokwanira, ndipo imalowa m'chikwama chimodzi ndi laputopu ndikamapita kukaonetsa kasitomala ku Dómuè. Nsonga ya cholembera imadyeka pakapita nthawi, makamaka mukakhala ndi dzanja lolemera. Zosinthira zitatu zili m'kati mwa cholembera momwemo, mukapotokola kumbuyo kwake mudzazipeza.