Maiki ya pakhosi pa ntchito yodula mitengo: ndi yabwino koma mudziwe izi

Kwa anzanga odula mitengo ndi motosera kuno ku Angónia, Tsangano mpaka Furancungo, ka maiki ka pakhosi kaja kolumikiza ku ovaova (wailesi ya m'manja yolankhulirana) ndikuti gulani, makamaka ngati mumagwetsa bulugamu pafupi ndi nyumba za anthu kapena mawaya a magetsi. Ife timagwira atatu, ine pa makina, awiri pa chingwe, ndiye motosera ikangolira basi palibe kumvana, phokoso lake limapitirira ma decibel 100 pomwe khutu limayamba kuonongeka pa 85 ukakhalitsa. Ovaova wamba sathandiza, ukadina kuti ulankhule mnzako amangomva injini yokhayokha.

Aka nkosiyana chifukwa sikatola mawu mumphepo. Ndi kalamba kovala m'khosi kokhala ndi timabatani tiwiri togunda khungu, timamva kunjenjemera kwa kholingo ukamalankhula, ndiye phokoso la panja limalowa pang'ono zedi. Ife tinalumikiza ku ma ovaova a Baofeng UV-5R, pulagi yake ndi ya mapini awiri ija ya mtundu wa Kenwood, muyang'anitsitse pogula chifukwa ya Motorola imaoneka ngati yomweyo koma silowa. Kamabwera ndi kachubu ka kukhutu komwe kamakwana bwinobwino pansi pa zotseka m'makutu zija, komanso batani lodina polankhula, ine ndinalimangirira pachifuwa poti manja onse amakhala pa makina.

Pomwe kanandigwira mtima mpakuti mtengo ukayamba kupendekera kolakwika, ukuona mng'alu ukutseka tcheni ikufuna kupanidwa, umangoti "kokani!" kapena "thawani!" anyamata akumva pompo ali mamita 30 uko, osadikira kuti uzimitse makina uyambe kukuwa ndi kubayibitsa manja. Timasekondi timeneto ndi tomwe timapulumutsa munthu, amene anaonapo bulugamu wamkulu akutembenuka pa chitsa akudziwa zomwe ndikunena.

Koma mawu ake si okoma ayi, umamveka ngati ukulankhulira m'chidebe. Ma s ndi ma f amasowa chifukwa amapangikira kukamwa osati kukhosi, ndiye nkhani zitalizitali iwalani, gwirizanani mawu ochepa musanayambe: imani, kokani, masulani, thawani. Timabatani tija tikhale m'mbali mwa kholingo, osati pakati penipeni, ndipo lamba agwire ndithu. Apa mpomwe pali vuto, thukuta likachuluka kamatsetsereka mawu nkuyamba kuzilala, ife a ku Ulongué bola kumazizira, koma a ku Moatize mwezi wa Okutobala ndikukayika ngati mungapirire nako tsiku lonse. VOX, ija yoti wailesi izitseguka yokha ikamva mawu osadina batani, zimitsani pa menyu, apo ayi ukameza malovu kapena kutsokomola wailesi imadzitsegukira yokha nkutsekereza anzako.

Chandinyansa ndi kawaya, nkoonda kwambiri ndipo pa kamodzi mwa tathu kanathothoka pa pulagi katakodwa mu nthambi. Pano timadutsitsa mkati mwa malaya nkukulunga tepi pomwe pamapindika paja. Kachubu ka kukhutu nakonso kamadzaza utuchi ndi thukuta, muzikachotsa madzulo nkutsuka ndi madzi, kaume kaye musanabwezere.

Ngati mumangocheka matabwa mtengo uli kale pansi musataye ma metikali anu, ogwetsa ndi chingwe ndi okwera m'mwamba kukasadza nthambi ndi amene mukufunika kameneka, ndipo mugule kena kapadera kosungira.