Ndemanga: heat pump ya 6 kW ndi thandizo la £7,500 la Boiler Upgrade Scheme, patatha chisanu chiwiri

Makinawa tikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndi heat pump yokoka kutentha mumpweya wapanja, ya mphamvu ya 6 kW, ya mtundu uja woti zonse zili m'bokosi limodzi loima kuseri kwa nyumba, yoyendera magetsi, yokhala ndi gasi wonyamula kutentha wotchedwa R290. Inalowa m'malo mwa boila ya gasi ya 30 kW m'nyumba ya zipinda zogona zitatu ku England, nyumba zija zolumikizana khoma limodzi ndi ya aneba. Nyumba ikumafunda bwino usana ndi usiku, madzi osamba sanaperewerepo, ndipo mukatseka chitseko chakuseri phokoso lake silimveka. Nyenyezi yachisanuyo taimana chifukwa cha momwe amisiri anasiyira makinawo tsiku lomaliza ntchito. Nkhani yaikulu ili pomwepo: heat pump yomweyi ikhoza kukutsitsirani bilu kapena kukukwezerani, malinga ndi kutentha kwa madzi amene ikutumiza ku marediyeta.

Tiyambe ndi ndalama, poti ambiri amafunsa zimenezo. Ku Britain kuno palibe zoti mukaika heat pump akuchotserani kanthu pa msonkho wa malipiro anu. Zija mumamva m'mavidiyo za 30 peresenti yobwezedwa pa msonkho zinali za ku America, ndipo zinatha kumapeto kwa 2025. Kuno thandizo limabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi Boiler Upgrade Scheme ya ku England ndi Wales, yomwe imayendetsedwa ndi Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi. Kuyambira Okutobala 2023 imapereka £7,500, pomwe kale inali £5,000 pa heat pump yamtunduwu. Ndalamazo sizilowa mu akaunti yanu. Kampani yoika makina, yomwe iyenera kukhala ndi chiphaso cha MCS, bungwe lovomereza makampani oika makina otere, ndi imene imapempha, ndipo imachotseratu £7,500 pa mtengo umene yakulemberani. Inu mumangolandira imelo yochokera ku Ofgem yofuna chilolezo chanu ngati mwini nyumba, ndipo muli ndi masiku 14 oti muyankhe. Imeloyo imakonda kugwera m'foda ya spam, choncho muziyang'anamo. Vocha ya thandizoli ikatuluka imakhala miyezi itatu. Mu 2025 nyumba inkayenera kukhala ndi EPC, satifiketi yoonetsa momwe nyumba imasungira kutentha, yosapitirira zaka 10; boila yakaleyo iyenera kuchokeratu, ndipo makina ophatikiza boila ya gasi ndi heat pump salandira thandizoli. Amene mukuchita lendi, wovomereza ndi mwini nyumba, osati inu. Ku Scotland kuli dongosolo lakelake kudzera ku Home Energy Scotland.

Njira yachiwiri ndi VAT. Kuyambira Epulo 2022 mpaka pa 31 Malichi 2027, ntchito yoika heat pump, ma solar panel ndi zotchinga kuzizira (insulation) ilibe VAT. Koma mvetsani apa: zero ameneyu amagwira pamene kampani yabweretsa katundu n'kumuika yokha. Mukapita kusitolo kukagula nokha mipukutu ya insulation, mulipira 20 peresenti. Marediyeta atsopano akakhala mbali ya ntchito yomweyo yoika heat pump amalowa pa zero, koma mukaitana pulambala wina chaka chamawa kudzawasintha paokha, VAT ilipo yonse. Ndiye musachedwetse marediyeta poganiza kuti mukupulumutsa ndalama. Mawindo a magalasi awiri sali m'gululi.

Chimene kampani imene inaika makinawa inachita bwino kwambiri ndi kuyeza nyumba. Munthu wawo anatha pafupifupi maola atatu, chipinda ndi chipinda, akuyeza makoma, mawindo ndi rediyeta iliyonse, anakweranso kudenga ndi tochi kukaona kukhuthala kwa insulation. Anapeza kuti tsiku lozizira kwambiri nyumbayi imataya kutentha kokwana 5.5 kW. Musadabwe kuti makina a 6 kW akulowa m'malo mwa boila ya 30 kW. Boila ya combi, ija yopanda thanki ya madzi otentha, imakula chonchija kuti itenthetse madzi a shawa nthawi yomweyo, osati chifukwa nyumba ikufuna moto wonsewo. Pali kanjira kodziyesera nokha musanasaine: tengani ma kWh a gasi amene mumagwiritsa ntchito pachaka, mugawe ndi 2,900. Nyumba ya 15,000 kWh ikubwera pa 5 kW ndi kakang'ono. Wina akakulemberani makina a 12 kW pa nyumba yotero, mufunseni akuonetseni mawerengedwe ake. Makina aakulu mopitirira amangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, magetsi n'kumapita, kompuresa n'kumatopa msanga.

Insulation yakudenga ikhale itakonzedwa munthu woyezayo asanabwere. Kuyambira Meyi 2024 si lamulonso kuti muyambe mwamaliza zimenezi musanalandire £7,500, koma nzeru yake sinasinthe. Muyezo ndi 270 mm: 100 mm pakati pa matabwa, 170 mm yopingasa pamwamba pake, osatseka mipata ya mpweya m'mphepete mwa denga. Masutikesi ndi makatoni okatumiza kumudzi aja musawaunjike pamwamba pake, chifukwa ikaphwanyika ntchito yake imachepa. Ikani timiyendo tapulasitiki tokweza matabwa, katunduyo akhale pamenepo.

Tsopano marediyeta, pomwe pagona zonse. Mphamvu yolembedwa pa katoni ya rediyeta imawerengedwa madzi ali cha pa 70°C m'chipinda cha 20°C. Heat pump ikamatumiza madzi a 45°C, n'kubwerera ali 40°C, rediyeta yomweyo imapereka gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu ija. N'chifukwa chake m'nyumbayi marediyeta asanu mwa asanu ndi anayi anasinthidwa, ambiri kuchoka pa K1 ya thabwa limodzi kupita pa K2 ya matabwa awiri, yomwe pa khoma lomwelo imapereka pafupifupi kuwirikiza. Kampani ina ingakuuzeni kuti ndi R290 simufunika kusintha rediyeta iliyonse, poti makinawo amatha kufikitsa madzi pa 65°C kapena kuposa. N'zoona amatha. Koma digiri iliyonse imene mwakweza imadya pafupifupi 2 peresenti ya phindu lanu, ndipo bilu imeneyo mudzailipira ndinu chaka ndi chaka.

Masamu ake ndi awa. M'chaka cha 2025 yuniti ya magetsi pa mtengo wa Ofgem inkayenda pakati pa 24p ndi 27p, ya gasi pakati pa 6p ndi 7p. Magetsi anali odula kanayi. Nyumba yapakatikati, malinga ndi Ofgem m'chaka chomwecho, inkagwiritsa 11,500 kWh ya gasi pachaka, pa 6.5p ndi £750, ndipo boila ikamagwira pa 85 peresenti, kutentha kwenikweni kolowa m'nyumba ndi 9,800 kWh. Nambala yoti muigwire ndi SCOP, yomwe imanena kuti pa yuniti imodzi ya magetsi makinawo akupereka mayuniti angati a kutentha, chaka chonse. SCOP ikakhala 2.8, mufunika 3,500 kWh, pa 26p ndi £910: mwaluza. Ikakhala 3.5 ndi £728, mwangofanana ndi gasi. Ikafika 4 ndi £637. Mukachotsetsa mita ya gasi mumapulumutsanso ndalama yolipira tsiku ndi tsiku ija, yoposa £100 pachaka, koma zimenezo zimafuna kuti chitofu nachonso chikhale chamagetsi. Ndipo pali matarifu a anthu a heat pump, otsika mtengo pa maola ena, ofuna mita ya smart.

Vuto linali apa. Amisiri anasiya makinawo akutumiza madzi a 50°C nthawi zonse, kaya kunja kuli 10°C kaya kuli chisanu choundana, ndipo anawalumikiza ku thermostat yongoyatsa ndi kuzimitsa ngati ya boila. Amatero kuti kasitomala asawaimbire foni yodandaula kuti marediyeta ndi ofunda chabe. Mwezi woyamba sikirini inkaonetsa COP, nambala yonga SCOP koma ya nthawi yochepa, yosafika 3. Mankhwala ake ali mu menyu, pa chinthu chotchedwa weather compensation, chomwe chimakweza kapena kutsitsa kutentha kwa madzi potengera sensa yapanja: kunja kukakhala 10°C madzi azikhala cha pa 30°C, kukatsika kufika pa -3°C ndi pomwe afike 45°C. Tsegulani mavavu onse a marediyeta mpaka kumapeto, kwezani thermostat isamadule makina, kenako tsitsani manambala a kutentha kwa madziwo pang'ono, mudikire masiku awiri, muone ngati nyumba ikadali pa 20°C kapena 21°C. Ikatentha mopitirira, tsitsaninso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchitoyi imatenga masabata awiri kapena atatu a nyengo yozizira. Itatha, COP inakwera kudutsa 3.5 ndipo makinawo anayamba kuyenda maola ambiri mwakachetechete osazima. Imeneyi ndi ntchito ya kampani, ndipo n'zokhumudwitsa kuti anaisiyira kasitomala. Munthu wosadziwa akhoza kukhala zaka akulipira mopitirira, n'kumauza anzake kuti heat pump ndi bodza.

Chizolowezi cha boila chiyenera kutha. Zoyatsa ola limodzi m'mawa ndi maola atatu madzulo sizigwira pano. Usiku tsitsani madigiri awiri basi. Mukagwira rediyeta muimva yofunda ngati kapu ya tiyi yomwe yakhalitsa patebulo, koma chipinda chili bwino, ndipo makoma samazizira. Zovala zoyanika pa rediyeta zimachedwa kuuma kuposa kale, komanso zimatchinga kutentha kumene kuli kochepa kale, ndiye gulani choyanikira choima pachokha.

Mapaipi nawo muwafunse msanga. Makina a 6 kW amafuna malita pafupifupi 17 a madzi pa mphindi, kanayi kuposa boila yopereka kutentha komweko. Mapaipi ochokera panja akhale a 28 mm, kapena 22 mm ngati mtunda ndi waufupi. Nyumba zokhala ndi timapaipi ta 8 mm kapena 10 mm zimavuta, ndipo nthawi zina pamafunika kufukula pansi. Sabata lachitatu makinawa anaima ndi uthenga woti madzi sakuyenda mokwanira. Chifukwa chake chinali fyuluta: titaitsegula, maginito yake inali itakutidwa ndi matope akuda bii, dzimbiri la marediyeta akale. Kutsuka kwake ndi kwa mphindi 10, mutatseka mavavu awiri a m'mbali mwake, koma zinasonyeza kuti mapaipi sanatsukidwe mokwanira asanalumikize. Onetsetsani kuti kutsuka dongosolo lonse kwalembedwa pa kotesheni.

Kunja, tsiku lachinyezi kukakhala pakati pa 0°C ndi 5°C, kuseri kwa makinawo kumachita chipale choyera. Fani imaima, mumamva kaphokoso ngati kupuma, nthunzi imatuluka ngati pa mphika wa nsima, madzi n'kuyamba kudontha pansi. Sikuwonongeka, akudzisungunula okha, ndipo pakatha mphindi zochepa amayambiranso. Chofunika n'choti madziwo akhale ndi kopita, dzenje la miyala pansi pake kapena paipi yolowa mu dreni. Akamayenderera pa simenti amaundana usiku, munthu n'kuterereka m'mawa. Popeza R290 ndi propane, yomwe imayaka ndiponso ndi yolemera kuposa mpweya, buku la makinawo limaletsa kuwaika pafupi ndi zenera lotseguka, chitseko kapena dreni yosatseka. Ku England lamulo loti atalikirane mita imodzi ndi malire a aneba linachotsedwa mu Meyi 2025, koma kuwerengera phokoso lofika pa zenera la aneba kukadalipo. Pa mapaipi apanja pakhale mavavu otaya madzi akatsala pang'ono kuundana magetsi atazima. Ndi abwino kuposa kuthira glycol, mankhwala oletsa madzi kuundana, yomwe imalemetsa madzi n'kutsitsa COP. Chokutira mapaipiwo chikhale chopirira dzuwa ndi mvula, chomata bwino m'molumikizira.

Madzi osamba amachokera mu thanki ya malita 200. Amene munali ndi combi mulibe thanki, ndiye pezani malo ngati a firiji yaitali, ndipo woiika akhale ndi chiphaso cha G3, cha oika mathanki otere. Madziwo asungidwe pa 48°C mpaka 50°C, atenthetsedwe masana pomwe kunja kwafundako, ndipo kamodzi pa sabata afike 60°C kupha tizilombo ta legionella. Banja la anthu asanu losamba motsatizana m'mawa wa Lamlungu lipemphe ya malita 250, chifukwa thanki ikatha imatenga ola kapena kuposa kuti ibwerere, ndipo nthawi imeneyo marediyeta amakhala akudikira.

Musanalipire dipoziti onani ngati kampaniyo ili mu RECC kapena HIES, mabungwe oteteza makasitomala, ndipo dipozitiyo isapitirire 25 peresenti ya mtengo wonse. Pa tsiku lomaliza musawalole amisiri achoke asanakupatseni satifiketi ya MCS, pepala la mawerengedwe a chipinda chilichonse, ndi kukuonetsani ndi chala pa sikirini pomwe pali weather compensation ndi pomwe mungawerenge ma kWh olowa ndi otuluka. Lembani manambala awiriwo pa 1 mwezi uliwonse, mugawe otuluka ndi olowa. Akamabwera pansi pa 3 m'mwezi wa Novembala, aitaneni abwere chitsimikizo chisanathe.