Dzino laola mpaka pamtsempha: kuzula kuno kwathu kapena root canal ku Blantyre?

Dzino likayamba kukudzutsani pakati pa usiku, tiyi wotentha akamalilasa kuposa madzi ozizira, mukaluma ngakhale nsima ululu n'kumafika mpaka m'khutu, ndiye kuti kuolako kwafika pamtsempha. Pamenepa kumata chibowo pamwamba sikuthandizanso. Njira zimatsala ziwiri: kulizula, kapena kuchotsa mtsempha woolawo dzinolo n'kulisiya pamalo pake, zomwe madokotala amati root canal. Ambiri kuno ku Mulanje ndi Thyolo timangodziwa yoyambayo, moti mnzako akati akupita kwa dokotala wa mano umadziwiratu kuti abwerako ataluma thonje.

Ilipo ina yomwe ambiri timathamangira, ngakhale sindiiwerengera ngati njira: kugula bufeni, panado ndi makapisozi a amokisilini. Ululu umatsikadi, kutupa kumaphwa, munthu n'kubwerera kumunda. Koma mankhwala akumwa amayenda ndi magazi, pomwe m'dzino loti mtsempha wafa simufikanso magazi. Tizilombo timatsalira m'menemo n'kumatsikira kunsonga ya muzu. Mukamva wina akuti dzino lake linapola lokha, nthawi zambiri silinapole, ndi mtsempha unafa. Pakapita miyezi pankhama pamatuluka kachithupsa ka mafinya, kapena tsaya limangotupa usiku umodzi. Kutupako kukatsikira kunsi kwa chibwano, kukakwera chakudiso, kapena mukamavutika kumeza, kupuma ndi kuyasamula, musakhalenso pansi n'kumayerekeza njira. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a dzino akafika pakhosi amapha.

Kuzula kuli ndi ubwino wake, ndipo sindikufuna kukunyoza. N'kwapafupi. Chipatala cha boma cha Mulanje ndi cha Thyolo zimaona za mano, ndipo kuchipatala cha boma simulipira. Zamishoni, monga Malamulo ku Makwasa ndi Mulanje Mission, n'zolipira, komabe mtengo wozula dzino kulikonse suyandikira n'komwe wa root canal. Amene mumawapeza kawirikawiri m'zipatala za m'maboma ndi ma dental therapist, ambiri ophunzira ku Malawi College of Health Sciences, ndipo kuzula, kumata ndi kutsuka mano ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Jakisoni wa dzanzi, mphindi zingapo, dzino latuluka, gwero la mafinya lapita nalo limodzi. Kwa mayi wothyola tiyi paesiteti nyengo ya dzinja, yemwe tsiku lililonse lojomba ndi makilo osapita pasikelo, kutha nazo m'mawa umodzi si chinthu chochepa. Chofunika ndi kuluma thonjelo kwa theka la ola, osachukucha m'kamwa tsiku loyamba, osasuta fodya. Magazi oundana pabalapo akachoka msanga, fupa limatsala poyera, ndipo ululu umene umabwera tsiku lachitatu umaposa wa dzino lija.

Kuipa kwake kumaoneka mochedwa, n'chifukwa chake sitikuwerengera. Dzino silikhala palokha. Mukazula lam'mbali lotafunira, loyandikana nalo limayamba kupendekera pagwerupo, lam'mwamba kapena lam'munsi lomwe linkakumana nalo limatalika pang'onopang'ono posowa poluma, ndipo fupa lomwe linkagwira muzu limaphwa, makamaka miyezi yoyambirira. Mano akapendekeka mumapezeka mipata yokodwa zakudya, kuola n'kuyambira pomwepo. Munthu amayamba kutafunira mbali imodzi, mbali imeneyo n'kumatopa. Dzino limodzi si vuto lalikulu, koma taonani anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50 amene anazula lachiwiri, lachitatu, lachinayi: nzimbe anasiya, chimanga chootcha amachita kukonola n'kusankha chanthete. Kutseka gweru nako n'kolipira. Mano oikirira ndi otsikirapo mtengo, koma amavulidwa usiku ndipo samatafuna ngati enieni. Bridge, dzino loikirira lomatiriridwa ku mano oyandikana ndi gwerulo, imafuna kusema mano awiri abwinobwino am'mbali. Implant, kachitsulo kolowetsa m'fupa, imadula kuposa root canal yomwe munkaithawa ija. Kuzula n'kotchipa pokhapokha ngati gwerulo mwalivomera.

Root canal imayenda motere. Amayamba akujambulani X-ray kuti aone kutalika ndi kupindika kwa mizu, komanso ngati mafinya adya fupa kunsonga. Amabaya dzanzi, amaphimba m'kamwa ndi kampira kopyapyala kosiya dzino lokhalo poyera kuti malovu asalowe, kenako amaboola pamwamba mpaka pachipinda cha mtsempha. M'mizu muli tinjira topapatiza kwambiri. Amatipala ndi tizitsulo tonga singano, kutsuka mobwerezabwereza ndi mankhwala opha tizilombo, kawirikawiri sodium hypochlorite wosungunula, n'kuumitsa. Ngati munali mafinya ambiri amaikamo mankhwala, kumata mongoyembekezera, n'kukuuzani kuti mubwerenso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Pomaliza amadzaza tinjirato ndi gutta-percha, kampira kochokera ku utomoni wa mtengo, n'kumata kolimba. Ulendo umodzi ungatenge ola kapena ola ndi theka mutayasama, ndipo nsagwada zimatopa ndithu. Za ululu anthu amakokomeza. Dzanzi likagwira mumangomva kukanda, kenako dzino limawawa poluma kwa masiku angapo. Chimene chimavuta n'chakuti dzanzi limachedwa kugwira padzino lotupa kwambiri, ndiye musachite manyazi kunena kuti adokotala, ndikumvabe.

Ikagwiridwa bwino n'kutsekedwa bwino, mano pafupifupi 9 mwa 10 alionse amakhalabe m'kamwa zaka zambiri. Koma mawu akuti kutsekedwa bwinowo ndi pomwe pagona nkhani. Dzino lotafunira loti laola, labooledwanso pakati, limatsala ndi makoma opyapyala. Lili ngati nsungwi youma: ndi yolimba, koma ikayamba kung'aluka imang'aluka mpaka pansi. N'chifukwa chake amaliveka crown, kachisoti kophimba dzino lonse, ndipo mtengo wa crown nthawi zambiri ndi wapadera. Wina amasonkhanitsa ndalama za root canal yokha, akamva za crown n'kuti ndidzabwera zikayenda, miyezi n'kumapita, tsiku lina aluma fupa la nkhuku dzino n'kugawika pawiri. Likang'aluka mpaka kumuzu palibenso chochita, n'kuzula basi, ndalama zonse zija zalowa m'madzi.

Kwa ife akuno mtengo weniweni suthera pa risiti. Chithandizochi chimafuna X-ray, zipangizo zambiri ndi nthawi, choncho ambiri amachipeza ku Blantyre, kumakiliniki olipira, ku Blantyre Adventist, kapena potumizidwa kumbali ya mano ku Queens. Kuchokera pa boma la Mulanje kudzera msewu wa Midima ndi makilomita oposa 60. Kuchokera pa Thyolo kudzera pa Bvumbwe ndi pafupifupi 40 kukafika mu Limbe. Wa ku Muloza kapena ku Thekerani awonjezere zake, ndi kabaza yemwe. Chulukitsani thiransipoti imeneyo kawiri kapena katatu ya root canal, kawirinso ya crown, chifukwa tsiku loyeza ndi tsiku loveka ndi osiyana. Imbani foni musanakwere minibasi, mufunse mtengo wa zonse pamodzi kuyambira X-ray mpaka crown, ndi maulendo angati. Amene muli pa MASM kapena sikimu yakuntchito funsiranitu malire a ndalama za mano, chifukwa sikimu iliyonse ili ndi ake.

Tsono nkhani ya katswiri. Dokotala wa mano aliyense wa digiri anaphunzira root canal, koma alipo ena omwe anawonjezera zaka zingapo za maphunziro pa mkati mwa dzino mokha, otchedwa endodontist. Kusiyana kwawo kumaonekera pa dzino lovuta. Lakutsogolo nthawi zambiri limakhala ndi kanjira kamodzi kowongoka, ndipo dokotala wamba wozolowera amaligwira bwinobwino. Kulipira katswiri pamenepa n'kungotaya ndalama. Lotafunira limakhala ndi tinjira titatu kapena tinayi, tina topindika. Lotafunira loyamba lam'mwamba limakonda kubisa kanjira kachinayi kovuta kukaona ndi maso, ndipo kakaphonyedwa dzino limadzawawanso ngakhale tinjira tina titatuto tinatsukidwa bwino. Katswiri amagwiritsa ntchito magalasi okulitsa kapena maikulosikopu. Ndi amenenso amatha kubwereza root canal yolephereka, kuchotsa kachitsulo kothyokera m'muzu, kapena kudula nsonga ya muzu kudzera pankhama. Koma akatswiri otere m'dziko muno ndi owerengeka zedi. Tikumbukire kuti pomwe maphunziro a udokotala wa mano ankayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, madokotala a mano m'dziko lonse sankakwana 50. Choncho kwa ambirife funso lenileni ndi lakuti dokotala amene tamupezayo ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, amajambula X-ray asanayambe komanso akamaliza, ndipo mano otafunira amawagwira kawirikawiri. Wabwino sakwiya mukamufunsa zimenezi, ndipo dzino likamukulira amanena yekha n'kukutumizani kwina.

Maganizo anga ndi awa. Dzino lakutsogolo, makamaka la wachinyamata, lipulumutseni ngati n'kotheka. Ndi losavuta, lotsikirapo mtengo, kawirikawiri silifuna crown, ndipo gweru lakutsogolo munthu amayenda nalo pofunsira ntchito ndi pofunsira mbeta pomwe. Lotafunira loyamba, lija limamera mwana ali ndi zaka 6 makolo n'kumaliyesa lamkaka, ndilo limasenza katundu wambiri potafuna. Kwa munthu wamkulu ndi loyenera kulimenyera nkhondo, bola ndalama za crown zikhalepo kuyambira pachiyambi. Kwa mwana wosakwana zaka 10, dokotala nthawi zina amasankha kulizula panthawi yoyenera kuti lotsatira lidzasendere pamalopo, ndiye mverani zomwe X-ray yaonetsa. Dzino lomalizira kumbuyo kwenikweni, lomwe limamera munthu atakula kale, zulani osadandaula. Chimodzimodzi logwedera chifukwa cha matenda a nkhama, long'aluka mpaka kumuzu, kapena loti kwangotsala chitsa: katswiri sangalibweze.

Ndipo ngati mukudziwa mumtima kuti ulendo wachiwiri wa ku Blantyre simudzaukwanitsa, musayambe n'komwe. Chomata chongoyembekezera chimakhala masabata ochepa, kenako chimayamba kulowetsa malovu, tizilombo n'kubwerera m'tinjira tija. Dzino lozulidwa bwino pachipatala cha boma limaposa root canal yosiyidwa panjira.

Njira iliyonse imene mwasankha, uzani dokotala ngati muli ndi shuga, BP, pathupi, kapena mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Akakupatsani fulajilo, mowa ulekeni mpaka patadutsa masiku awiri mutamaliza mankhwalawo. Ndipo mukakhala pampando uja kuchipatala chakwanu, funsani jakisoni asanabayidwe kuti kodi dzino ili lingapulumuke. Mzere panja umakhala wautali, ndiye mukangoloza dzino n'kunena kuti ndabwera kudzazula, adzazuladi.