Katundu wa magetsi musamuuze transipota kuti akugulireni

Abale anga a kum'mawa amene tili kuno ku Joni, ndalama ine ndimatumiza pa Mukuru ndipo sindinadandaulepo. Amayi amalandira makwacha awo ku Chipata popanda vuto. Nkhawa yanga ili pa matransipota, anyamata otitengera katundu pa basi kudzera ku Lusaka.

Mabulangete, zovala, mapoto, zonsezi amafikitsa bwino, bola mugwirizane mtengo chikwama chisanakwere. Chimene ndasiya ndi chija amati, "Bwana, ingondipatsani ndalama, ndikagula ndine." Mu 2024, madzi atachepa ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, malaiti akuzima maola ambirimbiri, ndinapatsa wina ndalama kuti agulire amayi nyale ya sola, chaja ndi ekisitenshoni. Pasanathe mwezi mlongo wanga ku Kapata, ku Chipata komweko, anadzidzimuka usiku ndi fungo la pulasitiki yopserera. Ekisitenshoni inali itasungunuka pafupi ndi matiresi amene pamagona ana. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umandigunda.

Wokonza magetsi atadula chingwecho anapeza timawaya toonda ngati tsitsi. Atatipala ndi mpeni tinatuluka toyera: aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba. Waya wachitatu, woteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, munalibiretu.

Chinthu chabodza chimadziulula m'manja. Chimapepuka mokayikitsa, mano a pulagi amagwedera, zilembo za pa bokosi zimakhala zofufutika kapena dzina lolembedwa molakwika, ndipo wogulitsa amazemba ukapempha lisiti. Chaja yotentha mpaka kulephera kuigwira, itayeni. Chizindikiro cha CE, chija chonena kuti katundu akutsatira malamulo a chitetezo a ku Ulaya, musachidalire pachokha, achinyengo amangochidinda.

China chimene timaiwala ndi mapulagi. A kuno ali ndi mano obulungira, pamene nyumba zambiri kwathu masoketi ake ndi a mano atatu amakona. Ketulo ikafika, achibale amathamangira kumsika kukagula kaadaputa kotchipa, ndipo moto umayambira pamenepo. Ndi bwino wodziwa ntchito adule pulagiyo n'kuika ya kwathu yolembedwa BS 1363, yokhala ndi fyuzi mkati.

Masiku ano za magetsi ndimagula ndekha m'sitolo yodziwika, n'kuika lisiti m'bokosi. Transipota ndimamulipira zonyamula basi. Bokosi likafika, mlongo wanga amanditumizira chithunzi pa WhatsApp asanalumikize kanthu kukhoma.