Kusungitsa ndalama ku mabungwe a zachuma a mpingo ku Lilongwe: kodi n'kopindulitsa?

Mabungwe a zachuma okhala ndi dzina la mpingo muno mu Lilongwe alipo a mitundu itatu, koma anthu amangowaika m'thumba limodzi. Pali banki yeniyeni, monga Centenary Bank, imene inalowa m'malo mwa MyBucks mu 2023, ndipo eni ake ndi Arkidayosizi ya Lilongwe pamodzi ndi gulu la Centenary la ku Uganda. Pali ma SACCO (magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama amene eni ake ndi mamembala) a m'mipingo, amene si achilendo ayi: mpingo wa Katolika unathandiza kuyambitsa magulu oterewa m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1980 kunabadwa MUSCCO, bungwe loyang'anira mgwirizano wa ma SACCO m'Malawi. Kenaka pali aja oimirira kutsogolo mapemphero akatha n'kulonjeza phindu la 20 kapena 30 peresenti pa mwezi.

Achitatuwa tisataye nawo nthawi. Palibe malonda ovomerezeka amene angabweze ndalama zotere mwezi ndi mwezi. Amalipira oyamba ndi ndalama za olowa kumene, olowa akachepa basi zagwa. Chowawa n'chakuti oberedwa sakadandaula kupolisi chifukwa amene anawakopa ndi mkulu wa mpingo kapena mnzawo wa m'kwaya.

Funso loyamba kulikonse ndi la chiphaso. Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama amalandira chiphaso kuchokera kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ku City Centre konkuno. Satifiketi yolembetsa kampani si chiphaso cholandirira ndalama za anthu, ndipo kalata ya abusa siilowa m'malo mwake. Pemphani kuti muchione, mulembe dzina lenileni limene lili pamenepo, mukafunse ku Reserve Bank. Dziwaninso kuti chitetezo cha Deposit Insurance Corporation, bungwe lobwezera osunga ndalama banki ikagwa, chimafika pa malire ena ake, ndiye funsani ngati bungwelo lili m'ndondomeko imeneyi.

Kumbali ya banki nkhani ndi yaifupi. Malamulo ake ndi omwewo a mabanki ena onse, choncho yerekezani chiwongoladzanja ndi ndalama zodula pa akaunti monga mungachitire kwina kulikonse. Dzina la mpingo silitsimikiza kuti umwini sudzasintha: Opportunity Bank, imene inayamba ndi maziko achikhristu, inagulidwa ndi banki ya First Merchant Bank (FMB) mu 2017.

Pa SACCO ndi pamene ambiri amasokonezeka. Ndalama zanu zimagawika pawiri, masheya ndi zosunga. Zosunga mutha kutapa. Masheya sumatapa mwachisawawa, nthawi zambiri amatuluka pokhapokha mukusiya umembala, mutapereka chidziwitso, ndipo ngati munaimira mnzanu pa ngongole amagwidwa mpaka iye atamaliza kubweza. Apa m'pamene ubale wa mumpingo umaluma. Kukanira mayi wa mumvano kumusainira n'kovuta, koma akalephera kubweza amadula kwa inu. Phindu la pa masheya nalo silolonjezedwa. Limagamulidwa pa msonkhano waukulu wa pachaka malinga ndi mmene chaka chayendera. Musanalowe, pemphani malipoti a zachuma a zaka ziwiri kapena zitatu ounikidwa ndi ma odita akunja, muone gawo la ngongole zosabwezedwa, mufunsenso ngati atsogoleri a mpingo amakongola potsata malamulo omwewo a mamembala ena. Akayamba kukuyankhani ndi mavesi m'malo mwa mapepala, nyamukani.

Ubwino wake ulipo ndithu. Ngongole imapezeka msanga, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri kapena katatu masheya anu, popanda chikole cha nyumba. Kwa mphunzitsi wa ku Kawale kapena wogulitsa kaunjika ku Tsoka, zimenezi n'zaphindu kuposa katapila. Ingofunsani ngati chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ngongole yonse kapena pa yotsala, chifukwa 3 peresenti pa mwezi imasiyana kwambiri m'njira ziwirizi.

Koma ngati cholinga ndi kukulitsa ndalama, werengerani kaye. Tiyerekeze mwatsekera K1,000,000 kwa chaka pa 15 peresenti. Phindu ndi K150,000. Msonkho wa 20 peresenti ukachoka mwatsala ndi K120,000. Mitengo ya zinthu ikakwera ndi 28 peresenti chaka chomwecho, mumafunika K1,280,000 kuti mugule zomwe munkagula poyamba, ndiye mwaluza ngakhale buku likuonetsa kuti ndalama zachuluka. Aliyense amene anali ndi ndalama zotsekera mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, akuidziwa nkhaniyi. N'chifukwa chake ndi bwino kuyerekeza ndi ma Treasury bill (kubwereketsa boma ndalama) a masiku 91, 182 kapena 364, ndi ma unit trust (thumba limene anthu amasonkhamo ndalama kuti akatswiri aziike m'malonda), musanasaine.

Chigamulo changa: SACCO ya mpingo yokhala ndi chiphaso ndi yabwino posunga pang'onopang'ono ndi kupezera ngongole, koma si malo oikamo penshoni yonse kapena ndalama zogulitsira poloti. Yambani ndi zochepa, muyese kutapa pakatha miyezi itatu muone masiku amene zitenge. Chopereka ndi chakhumi zikhale ndi risiti yakeyake, zosunga zanunso yakeyake yokhala ndi chidindo cha bungwe. Zikavuta, lembani dandaulo ku bungwelo, musunge kope, ndipo akapanda kuyankha mupite nalo kwa Registrar.